Mowa wa Akufa Unafuna Kunditengera Wamoyo

Moni nonse abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu a m'mapiri muno mwa Dowa, inu a tsidya ilo la Ntchisi, ndi ena onse amene pepalali lidzakupezeni. Mtendere wa Yesu Khristu ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine Telezia, kwathu amanditchula Nambewe. Sukulu sindinaipondeko, choncho ndikuyankhula ndine, akulemba ndi akazi a aphunzitsi athu, ndipo ndawauza kuti asakometse kalikonse. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Rozina, momwe mowa unam'gwirira chimfine chachikulu chija chitatha, ndi momwe anatsalira pang'ono kumangidwa chingwe n'kukwezedwa lole kupita kuchipatala cha amisala. 

Chimfinecho chinafika nthawi yozizira, titangokolola, m'zaka zomwe zino za boma la Chitaganya. Akuluakulu ankati ndi fuluwenza yomwe ija inatha anthu nkhondo yoyamba ya Jeremani itatha, yangobwerera. Munthu ankadzuka bwinobwino m'mawa, masana mutu wayamba, pofika mawa lake chifuwa chili phuu phuu ngati mvukuto. Ambiri ankachira, koma m'mudzi mwathu chinalowa moipa. Pakhomo panga chinatenga atatu m'masabata awiri: amuna anga, mkamwini wanga Lazalo, ndi khanda la Rozina lomwe linali lisanayambe n'kukwawa komwe. Tinatsala atatu, ine, Rozina ndi kamwana kake koyamba, Sesiliya.

Maliro a masiku amenewo sanali maliro ayi. Adzukulu okumba manda nawonso anali gone m'nyumba zawo. Tinkangokulunga munthu mu mphasa, anthu anayi n'kunyamula, osagona pa siwa, osameta, osaphika kanthu. Kuchipatala chachikulu anthu ankaopa kupitako, poti kunali mphekesera yoti jakisoni wa Chitaganya ndi wothetsa mbeu ya anthu akuda. Kumishoni kwathu asisteri anamangitsa misasa ya udzu kuseri kwa kachipatala kawo, ndipo masiku amenewo akuluakulu a zaumoyo ankatumiza mabulangete, ufa ndi mankhwala. Matenda atatha, misasa ija anaitentha, katundu uja n'kusiya kubwera.

Apa ndiyambe ndaulula tchimo langa, chifukwa umboni wobisa tchimo ndi nthano chabe. Ine ndinali wotcheza kachasu. Ndinkatchezera kudambo, mobisala apolisi ndi ansembe omwe, ndipo mchere ndi nsalu pakhomo panga zinkachokera pamenepo. Pa nthawi ya matenda panamveka mawu oti kachasu wa mutu, botolo loyamba kudontha lija, amawotcha chimfine m'chifuwa. Tsono khanda lija litapita, Rozina ankangokhala pakhonde, mabere atatupa mkaka, akutsokomola, osadya, osagona, osalira. Ndinachita mantha kuti nayenso apita. Ndinathira kachasu m'chikho n'kum'mwetsa ndi dzanja langali, mwana woti anali asanalaweko ngakhale masese. Anagona tulo tabwino. Mawa lake anandifunsa kuti, "Amayi, mankhwala aja alipo?" Ine ndinasangalala kuti mwana wanga wayankhula.

Matenda atachoka anthu anayamba kuopa akufa. Mukudziwa mwambo wathu, kuti munthu akamwalira pamafunika kumeta ndi kufulula mowa wa m'meto, kuti mzimu wake ugone ndipo otsala amasuke. Tsono onse aja tinawaika mothamanga aja anali asanalandire mowa wawo. Khomo lililonse linanyika chimera. Uku akuphula, uko akusuza, tsidya lija ng'oma yayamba kale. Sabata linalibe kudutsa popanda mowa wa munthu, ndipo ngakhale nthawi ya mvula anadukiza pang'ono, pokolola anayambiranso. Ndani akanaletsa? Unali mowa wa akufa. Ukakana chipanda ankati ukunyoza malemu. Ndipo masese akatha, amuna ankatsikira kudambo kwa ine, ine n'kumatcheza usana wonse.

Rozina, monga mayi wamasiye, ankaitanidwa paliponse, ndipo paliponse ankam'patsa chipanda choyamba kuti aiwale. Anayamba ndi kwawo kwa Lazalo, kenako kwa anansi, kenako kumidzi yoti sitinkadziwako munthu. Ankangomva ng'oma basi, wanyamuka. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Mwana amene ankaimba patsogolo m'tchalitchi anasanduka wa maso ofiira, milomo yosenda, wonunkha kuyambira m'mawa. Khasu analitaya. Bulangete la mwamuna wake anasinthitsa ndi botolo. Sesiliya anasiya kum'tchula amayi, ankangothawira kumbuyo kwanga. Ndikam'bisira kachasu wanga ankakagula kwa ena, choncho ndinkati bola amwe wanga wosasakaniza ndi zoipa. Onani nzeru za satana mmene zimakomera.

Chimene chinanditsegula maso ndi moto. Tsiku lina masana ndikuchokera kumunda, ndinamva fungo ngati wina akuwamba nyama. Polowa m'khitchini ndinapeza Rozina wagwera pa mafuwa, mkono uli pa makala, iye ali m'tulo osamva kanthu. Ndinam'koka ndikukuwa. Tinapita naye kumishoni, asisteri n'kum'manga bala lija, natiuza kuti tibwerenso pakatha masiku atatu adzasinthe nsalu. Pobwerera ndinapita molunjika kudambo. Ndinatenga mwala n'kuphwanya mtsuko wanga wotchezera, mpope n'kuuponya m'madzi. Koma ndisaname, botolo limodzi la mutu ndinalikwirira pansi pa nkhokwe, poti mtima wa malonda sufa tsiku limodzi.

Ndiye ndinachita chimene ndinkaganiza kuti mayi wachikhristu ayenera kuchita. Lolemba m'mawa ndinam'lowetsa Rozina m'nyumba, ndinaikamo madzi ndi phala, n'kumanga chitseko ndi luzi kunja kwake. Ndinakhala pakhomopo ndi kolona yanga. Ndinati mowa walowa ndi dzanja langa, utuluka ndi dzanja langa lomweli, ngakhale dontho sadzalionanso. Tsiku loyambalo anandichonderera, kenako anandinyoza mawu oti sindingawabwereze kwa akazi a aphunzitsi. Ine ndinalimba mtima. Lachiwiri kutukwana kunatha. Nditasuzumira pa mng'alu ndinam'ona akunjenjemera thupi lonse, thukuta lili kamukamu pamene kunja kunali chisanu, akusanza madzi okhaokha. Ndinati ndi mowa ukutuluka, ndinathokoza Mulungu. Sindinkadziwa kuti ndikupha mwana.

Lachitatu dzuwa lili paliwombo anayamba kukuwa. Abale anga, kukuwa koteroko sindinakumvepo ngakhale kwa mayi wobereka. Ndinadula luzi lija. Ndinam'peza pakona akudzikanda mpaka magazi, akuti linthumbu lam'dzadza thupi lonse, likulowa m'makutu, pamene pansi panali see. Ankaloza kudenga akuti njoka zikutsika mu udzu. Kenako anayang'ana pakhomo, kumbuyo kwanga, n'kunena ndi mawu aulemu kuti, "Lowani a Lazalo, koma mwanayo mwam'nyamula chadodolido."  Sindinacheuke. Ndinaopa kuti ndikacheuka ndiwaona.

Anthu anadzadza pabwalo. Ena ankati ndi mizimu yakwiya, poti mowa wa m'meto wa amuna anga unali usanafululidwe. Zinalidi choncho, tinkadikira abale awo amene anali pa ntchito ku Halale, ndipo chimanga ndi chimera cha mowawo ndinali nditasunga padera. Ena ankati walodzedwa pa mowa. Kenako anafika alongo anga a Yakobe, amene ndiwo eni mbumba, ndipo mawu awo pa mwana wanga ndiwo omaliza. Si munthu woipa, koma ndi wamantha ngati ine ndemwe. Rozina atawaona anatola chikuni, akuti ndi fisi. A Yakobe anatuluka chafutambuyo n'kundikokera pambali.

"Mlongo, iyi ndi misala," anatero. "Atentha mudzi uyu, kapena apha kamwanaka. Lachisanu ikubwera lole ya fodya. Tim'manga, ndikam'pereka kwa akuluakulu, am'tumize kumene amasunga anzake."

Chipatala cha amisalacho chili kutali kumwera, ulendo woti ine sindingaufike. Zoona zake za kumeneko sindizidziwa, mwina amasamala bwino anthu. Chimene ndinkadziwa n'chakuti m'dera lathu anapitako anthu awiri ndili mtsikana, ndipo palibe amene anabwerako kapena kumveka kuti anaikidwa pati. Ndinagwira miyendo ya alongo anga, koma anati kulira kwanga sikungazimitse nyumba ikayaka. Ndinayesa kupemphera, mawu a Tikuoneni Maria anandisokonekera pakamwa, pemphero loti ndalinena moyo wanga wonse. Ndinangoti, "Amayi Maria, inunso munali ndi mmodzi yekha. Musalole." Pemphero langa lonse linali lomwelo.

Lachinayi m'mawa Rozina anathawira pabwalo, n'kugwa. Thupi linauma gwaa, kenako linayamba kudzimenya pansi, maso atatembenuka, thovu lili pakamwa. Wina anakuwa kuti, "Khunyu!" Anthu onse balala! Paja kwathu timati ukakhudza malovu a munthu wakugwa khunyu nawenso chikugwira. Amayi ananyamula ana awo, amuna anaima patali atatseka mphuno. Ndichite manyazi ponena izi: nanenso, mayi wake, ndinaima chapatali, manja ali kumutu, ndikuonerera mwana wanga akumenyetsa mutu pa nthaka.

Pamenepo mpamene anatulukira a Matiyasi. Amenewa ndi mtchona, anakhala zaka zambiri kumigodi ya ku Joni n'kubwerako ndi jekete lokha, mkazi atakwatiwa kwina. Anthu ankawaseka. Nthawi ya chimfine ndiwo ankanyamula odwala ndi mitembo kumishoni pamene ena onse ankaopa, ndipo potentha misasa ija asisteri anawasiyira umodzi kuti azigonamo, iwo n'kumasesa pakachipatala. Tsikulo anatumidwa kudzafunsa chifukwa chimene sitinabwerere kukasintha nsalu ya pa bala. Ataona zimene zinkachitika sanafunse munthu. Anavula jekete lawo lija n'kuliika pansi pa mutu wa Rozina, nam'goneka chammbali, malovu aja n'kuwapukuta ndi dzanja lawo lenilenilo.

Kugwako kutaleka anandiyang'ana. "Anasiya liti kumwa?"

"Lolemba. Ndinam'tsekera."

"Mayi inu! Munthu wakwera nsonga ya mtengo mumachita kugwedeza kuti atsike? Muli nako kachasu?"

Ndinati ndinaphwanya zonse. Anandiyang'anitsitsa osaphethira. "Wotcheza sataya mutu. Katengeni."

Anthu onse akuona, ndinakwawa pansi pa nkhokwe n'kufukula botolo lija. Ndinkadzifunsa kuti kodi yankho la pemphero langa lingabwere m'botolo lomwe lija linayambitsa zonse? Kapena uyu ndi satana wavala jekete? Rozina atatsitsimuka, a Matiyasi anathira pang'ono chabe m'chikho, n'kuthiramo madzi ambiri, nam'mwetsa pang'onopang'ono. Kunjenjemera kuja kunacheperako ndikuona ndi maso angawa. Anandiuza kuti ku Joni anagwirako ntchito m'chipatala cha pamgodi, ndipo anaona amuna ambiri akuona njoka ndi tizilombo atawatsekera osamwa. Ena anafa. Anati iyi si misala, si khunyu, si mizimu, ndi thupi lozolowera mowa likulira, ndipo likatsitsidwa bwino munthu amabwerera. Kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Nanenso ndinaziona njokazo. N'chifukwa chake ndinabwera ndi jekete lokha."

Anati tipite naye kwa asisteri lero lomwe. Mwini ngolo wa m'mudzi mwathu anakana, kuopa malovu. Tinamanga mphasa ku mtengo ngati machila, a Matiyasi kutsogolo, ine kumbuyo, koma nkhalamba ine ndisanafike ndi kumtsinje komwe mawondo anali atatha. Ndinangomva wina akundichotsa mtengo paphewa. Anali Nangondo, mnansi wanga, amene amuna ake ndinkawagulitsa kachasu mpaka mbuzi zawo zinatha, ndipo chifukwa cha chimenecho anali atasiya kundipatsa moni. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Tiyeni, ndikufuna ndikaone ngati zimathekadi kuti munthu asiye mowa." Tinakwera phiri lonse lija mosinthana, tikupuma paliponse, ine ndikuika khutu pa chifuwa cha mwana kuti ndimve ngati akadalipo.

Asisteri anatilandira, koma nkhope yawo inali yakugwa. Anali ndi mankhwala ena onunkha kwambiri ogonetsa munthu wogwagwa, abwino kuposa kachasu, koma m'botolo munali motsala pang'ono. Anatiuza kuti bokosi limene amalandira limabwera ndi za malungo, za zilonda ndi za amayi oyembekezera, za anthu a mowa mulibe. Anati analembapo kalata kwa akuluakulu, chifukwa chichokereni chimfine anthu opsa ndi ovulala ataledzera anachuluka, koma yankho linali loti thandizo lija linali la chimfine ndipo chimfine chinatha. Bedi analibe, ufa analibe. A Matiyasi anati, "Msasa wanga ulipo, ine ndigona pakhonde." Tinam'goneka Rozina mu msasa womwe uja munkafera anthu.

Lachisanu a Yakobe anafika ndi chingwe cha ng'ombe, lole ikudikira kumsewu. Rozina anali akuonabe zinthu, akuyankhula ndi khoma. Asisteri anawauza kuti munthu ameneyu akakwera lole afera panjira. A Yakobe anakanda mutu, n'kunena kuti apereka sabata limodzi. Lachisanu linalo akadzam'peza asakudziwa anthu, sadzamveranso mzungu kapena mtchona. Anapachika chingwe chija pa mtanda wa msasa n'kumapita, ndipo sabata lonselo ndikakweza maso ndinkachiona chikulendewera.

Tsono njala. A Matiyasi anati munthu wotere safuna mankhwala okha, afuna phala la mtedza, thobwa lozuna ndi munthu wokhala naye pafupi osachoka. Kunyumba nkhokwe inali itapepuka, poti chaka chimenecho ndinalima ndekha. Chimanga chabwino chimene ndinali nacho ndi chija ndinasungira mowa wa amuna anga. Ndinapita kukaima pamaso pa madengu aja nthawi yaitali. Abale, musaganize kuti ubatizo umachotsa mantha tsiku limodzi. Ndinkaopa kuti ndikakhudza chimanga cha malemu adzabwera kudzatenga Sesiliya. Ndinagwada n'kuyankhula nawo ngati ali pomwepo. Ndinati, "Bambo a Rozina, inu mwagona, ludzu mulibe. Mwana wanu ndiye ali ndi njala. Mukakwiya mukwiyire ine." Ndinasenza dengu loyamba.

Chimera chija chinapita ku thobwa, chimanga ku phala. Mtedza wanga asisteri anautumiza ku Mponela ndi munthu wa njinga, ndipo unabwerako ngati botolo lina la mankhwala onunkha aja. Nkhani itamveka kumudzi kuti Nambewe wadyetsa chidakwa mowa wa mwamuna wake, anthu anati tsopano tiona maliro ena. Ine ndinkangodikira tsoka. Mwana akatsokomola, mtima phaa. Khwangwala akatera padenga, mtima phaa.

Masiku awiri otsatira anali oopsa, anagwanso kamodzi. Ine ndi Nangondo tinkasinthana kum'gwira manja kuti asang'ambe bala. Mankhwala ankachepetsedwa tsiku ndi tsiku. Lolemba anagona tulo tatitali mpaka ndinaitana asisteri kuti adzaone ngati akupuma. Lachiwiri anadzuka n'kuyang'ana denga, nayang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Amayi, mwana wanga munam'ika pati?" Chifereni khanda lija anali asanafunsepo. Ndinam'uza kuti pansi pa mtengo wa msuku, pafupi ndi bambo ake. Ndipo analira. Analira tsiku lonse maliro amene anawameza chaka ndi miyezi. Ine ndinkafuna kum'tonthoza, koma a Matiyasi anandiletsa, akuti chimenechi ndicho chinkamwa mowa, chisiyeni chituluke.

Lachisanu linakwana. Ndinamva lole ikulira kumsewu. Rozina anali panja pa dzuwa, atafunda nsalu yanga, akuyesa kusenda mtedza, wowonda ngati bango. Ndinkaopa kuti akawaona amalume ake mantha am'sokonezanso mutu. A Yakobe anafika ndi amuna awiri. Anayamba atsitsa chingwe chija, kenako n'kuima chapatali.

"Iwe Rozina, ndine yani ine?"

Mwana anakweza maso pang'onopang'ono.  Kenako anaomba m'manja mwaulemu.

"Ndinu amalume a Yakobe. Amene munathawa ng'ombe yanu yomwe mpaka kukwera mu nkhokwe ya agogo, n'kumaitana amayi kuti adzakutsitseni."

Amuna awiri aja anaphulika nako kuseka. Nangondo anagwa chagada. A Yakobe anayesa kukwiya, koma milomo inawakanika. "Chipongwe ichi n'cha kwathu," anatero, "wamisala sangachikumbuke." Anakhala pansi pa mwala, chingwe chili pa miyendo, ndipo ndinaona misozi ikutsikira mu ndevu zawo. Lole inapita ndi fodya yekha.

Rozina anakhala mu msasa muja mwezi wathunthu ndi masabata awiri. Alamu anga atafika kuchokera ku Halale tinameta, ansembe anapereka nsembe ya Misa, ndipo ine ndinaphika thobwa ndi kachimera kotsala. Alamuwo anadandaula kwambiri, akuti mbale wawo sanali mwana woti aliridwe ndi thobwa, ena anachoka osatsanzika. Ndinadikira mkwiyo wa malemu mwezi woyamba, wachiwiri, mpaka mvula inagwa, chimanga chinamera. Palibe chinachitika. Sesiliya ndi uyu akusewera panjapa.

Nangondo ndiye anayamba kubweretsa amuna ake, atasenza dengu la chimanga. Kenako kunabwera mnyamata wa kumapiri a Ntchisi amene ankasakaniza kachasu ndi chamba, kenako mayi wina wa ku Nachisaka. Lamulo tinapangana tokha amayi a mpingo: khomo limene likufulula mowa wa m'meto lipatule lichero limodzi la chimanga kapena la mtedza, lipite ku msasa. Ena amakana, ena amapereka mobisa. Ansembe anatipatsa kamunda kuseri kwa tchalitchi, timalima mtedza Lachitatu lililonse, ndipo mtedzawo ndiwo umagula mankhwala. Chaka chatha dokotala wina woyendera anapeza anthu ali gone mu msasamo, anafunsa mafunso ambiri, ndipo kuyambira pamenepo m'bokosi la asisteri mumapezekako kabotolo kamodzi ka mankhwala aja. Kamodzi sikakwana. Si onse amene amachira, mmodzi tinam'taya chifukwa anabwera naye mochedwa, atam'manga pa mtengo masiku anayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mutu la mayi wochimwa. Ndikuthokoza Amayi Maria. Ndikuthokoza asisteri, Nangondo amene anandikhululukira ndi phewa lake, ndi a Matiyasi amene tonse tinkawaseka. Ambuye akafuna kukuthandiza satuma amene ukuwayembekeza.

Tsono inu amene muli ndi wanu wotere m'nyumba, imvani kwa ine amene ndinalakwitsa. Musam'tsekere, musam'mange, musam'thawe akagwa, ndipo musayese kum'tsitsa nokha ndi botolo chifukwa mwamva nkhani yangayi, muyeso wake amaudziwa ndi achipatala. M'nyamuleni mubwere naye kusanachedwe. Inu amene kwanu kuli mtendere, mukakolola kumbukirani kuti msasa uja denga lake likudontha ndipo anthu ogonamo amadya. Ndipo inu akuluakulu amene mumadziwa kulemba makalata, pitirizani kulemba, muwauze kuti matenda akachoka amasiya ana ake m'mudzi.

Musatope, chifukwa nkhondoyi siitha tsiku limodzi. Rozina anabwererako ku mowa kamodzi chaka chatha pa ukwati wa msuweni wake, ndipo anapita yekha ku msasa m'mawa mwake, akulira. Lero ndi amene amagwira manja a anzake akamaona njoka. Koma mantha sanatichoke. Dzulo lomweli tikuchokera kumunda tinamva ng'oma ya mowa pamudzi wa patsogolo pathu. Rozina anaima. Ndinaona khosi lake likumeza. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Amayi, tidzere kumtsinje." Njira ya kumtsinje ndi yaitali, ya miyala, ndipo mawondo angawa mukuwadziwa. Tinadzera komweko, tinafika dzuwa litapendeka, tonse awiri.

Ambuye akusungeni, inu ndi ana anu. Amen.